Mutu 8: Phunziro Lotsala M'chaka Chachiwiri

1. Kompyuta ikana

Dzina loti Injiniya anamupatsa ndi bambo ake. Tsiku limene kalata yomuitana ku yunivesite inafika, bambo akewo, amene ntchito yawo inali yokonza mipope m'nyumba za anthu, anaponya sipanala pansi n'kutulukira pamsewu.

"Anthuni, tamverani kuno! M'nyumba mwa pulambala mwabadwa injiniya!"

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake lenileni linafa. Amayi ake, anansi, ngakhale anzake a ku yunivesite, onse ankangoti Injiniya.

Zaka zitatu zinadutsa. Tsopano chinali chiyambi cha chaka chachinayi, chaka chomaliza cha digiri ya uinjiniya wa zamadzi. Sabata yoyamba inali yolembetsa maphunziro. Wophunzira aliyense ankayenera kukhala pa kompyuta, kuchonga maphunziro a semesita imeneyo, n'kutumiza. Nthawi yotsekera inali Lolemba lotsatira, 12 koloko masana.

Lachinayi m'mawa Injiniya analowa m'chipinda cha makompyuta ndi mtsikana mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Mnzakeyo ankatchedwa Chidule, chifukwa sanayendepo njira yaitali pamene yaifupi ilipo. Pa kapinga wa kutsogolo kwa laibulale panali kanjira kofiira kamene anthu ankati anakayambitsa ndi iyeyo.

Chidule anamaliza zake m'mphindi ziwiri n'kuyamba kudzizunguza pampando.

Injiniya anachonga phunziro loyamba, linalowa. Lachiwiri, linalowa. Kenako anachonga pulojekiti. Pulojekiti ndiyo ntchito yaikulu ya chaka chomaliza. Wophunzira amasankha vuto limodzi la madzi, amalifufuza chaka chonse, n'kulemba buku lake. Wopanda pulojekiti salandira digiri.

Pa kompyuta panatuluka mawu ofiira. Ankati sangalembetse pulojekiti, chifukwa pali phunziro la chaka chachiwiri limene sanakhoze. Dzina la phunzirolo linali pomwepo: Kayendedwe ka Madzi.

Anadinanso. Mawu aja anabweranso. Anasamukira pa kompyuta ina ya pafupi ndi zenera. Mawu omwewo.

"Makompyuta a muno ndi nkhalamba," anatero Chidule. "Izimitse, uiyatsenso."

Kompyuta sinkanama, ndipo Injiniya ankadziwa bwino lomwe.

Ali m'chaka chachiwiri, semesita yoyamba, bambo ake anagwa ali pantchito. Madokotala anati mtima wawo wafooka. Masabata atatu Injiniya anali kuchipatala, ndipo mayeso a Kayendedwe ka Madzi analephera. Anamupatsa mwayi wa mayeso obwereza, koma anaperewera ndi mamalikisi awiri okha. Kunyumba sanauzeko munthu. Atamufunsa, anangoti, "Zonse zayenda bwino, ababa."

2. Mu ofesi ya Mayi Pensulo

Masana omwewo anapita kwa mlangizi wa ophunzira a m'dipatimenti yawo. Anali mayi wa imvi, amene anali ataphunzitsa pa yunivesitepo zaka zambiri. Ophunzira ankawatchula Mayi Pensulo, poti pensulo sinkachoka m'tsitsi mwawo. Ofesi yawo inali yopanikizika: tebulo limodzi, mipando iwiri, mafayilo ofika kudenga, ndi ketulo pazenera.

"Khala pansi," anatero mayiwo. "Ndimayesa ubwera dzulo."

"Madamu, kompyuta ikundikaniza pulojekiti."

"Ikukukaniza kompyuta, kapena unadzikaniza wekha? Chaka chatha, mwezi ngati uno, unakhala pampando womwewo. Ndinakuuza chiyani?"

"Munati ndibwereze Kayendedwe ka Madzi."

"Iwe unatani?"

"Nthawi yake inkawombana ndi ya phunziro la Kujambula Mapu. Onse awiri anali Lachitatu m'mawa, ndiye ndinatenga la mapu. Koma madamu, la mapu ndi makirediti atatu, la madzi ndi makirediti atatunso. Ndinawerengera bwinobwino. Makirediti anga ndi okwanira."

Mayi Pensulo anasolola pensulo ija m'tsitsi. Anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala lalikulu lokhala ndi mabokosi ambirimbiri. Analiyala patebulo.

"Tamvera, mwana wanga, ndikuuzenso, mwina chaka chatha ndinkayankhula ndi khoma. Digiri si thumba loti uzingoponyamo chilichonse bola lidzaze. Taona pepala ili. Apa chaka choyamba, apa chachiwiri, apa chachitatu, apa chachinayi. Chaka chilichonse chili ndi masemesita awiri. Maphunziro amene ali m'mabokosi akudawa ndi okakamiza. Aliyense wofuna kutchedwa injiniya wa zamadzi ayenera kuwakhoza onse, osasiyako ndi limodzi lomwe. Amene ali m'mabokosi oyerawa ndi osankha. Ungatenge ili, ungatenge ilo, monga mtima wako wafunira. La mapu lija lili m'bokosi loyera. La madzi lili m'bokosi lakuda.

"Makirediti amene ukuwadalirawo amangotiuza kulemera kwa phunziro, kuti umathera maola angati pa ilo. Satiuza kuti phunziro ili lingalowe m'malo mwa linzake. Losankha silikwirira dzenje la lokakamiza, ngakhale utatenga khumi.

"Tsono taona mivi iyi. Muvi uliwonse ukuchoka pa phunziro lina kupita pa linzake. Tanthauzo lake n'lakuti sungalowe la kutsogolo usanakhoze la kumbuyo. Muvi wa Kayendedwe ka Madzi ndi uwu. Ukudumpha chaka chachitatu chonse, n'kukagwera pa pulojekiti. N'chifukwa chake chaka chatha unayenda mosatekeseka, n'kumayesa kuti zaiwalika. Mlandu suola, mwanawe. Unali chikhalire pakhomo la chaka chachinayi, kukudikirira.

"Ndipo usaganize kuti mivi imeneyi tinaijambula pofuna kuzunza ana a eni. Munthu wosadziwa mmene madzi amayendera m'paipi, timutume akayale mapaipi a tauni yonse? Paipi ikadzaphulika pansi pa chipatala, tidzawauza chiyani anthu? Kuti makirediti ake anali okwanira?"

Injiniya anayang'ana muvi uja.

"Ndibwereza semesita ino, madamu. Ndichita pamodzi ndi pulojekiti. Ndilimbikira, sindikukhumudwitsani."

"Kubwereza ubwereza ndithu, ndipo ndi tsopano lino, chifukwa phunzirolo timaphunzitsa semesita yoyamba yokha. Maphunziro ena a chaka chachinayi amene alibe muvi umenewu ukhoza kuwatenga. Koma pulojekiti ayi. Imayamba kamodzi pachaka, sabata ino, ndipo imatenga masemesita onse awiri. Ukakhoza la madzili, udzaiyamba chaka chamawa."

"Ndiye kuti digiri yanga…"

"Zaka zisanu, osati zinayi."

Panja anyamata ena ankaseka, akudutsa pakhonde.

"Bambo anga akudwala, madamu," anatero Injiniya.

Mayi Pensulo anavula magalasi n'kuwaika papepala paja. Mawu awo anatsika.

"Ndikudziwa. Koma tandiuza zoona. Chaka chatha vuto silinali nthawi yowombana yokha, eti?"

"Ndinkachita manyazi kukakhala m'kalasi ndi ana a chaka chachiwiri."

"Manyazi a miyezi inayi wawasinthanitsa ndi chaka chathunthu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pita, mwana wanga. Ukalembetse zimene ungathe lisanapite Lolemba. Ndipo akunyumba ukawauze wekha, asadzamvere kwa anthu."

3. Fomu yachikasu

Lachisanu masana Injiniya anali atagona chafufumimba pabedi pake. Chakudya cha m'mawa sanadye, cha masana sanapiteko. Chidule analowa, anatseka chitseko ndi chidendene, n'kumuponyera pepala lachikasu pamsana.

"Dzuka, mayi. Mankhwala ako ndi amenewo."

"N'chiyani chimenechi?"

"Fomu ya anthu ochokera ku makoleji ena, amene phunziro lotere analichita kale kumeneko. Mlangizi akangosaina apa, a ku ofesi yolembetsa amakutsegulira kompyuta, basi nkhani yatha. Sabata ino mafomu ali mulu wofika m'chiuno. Ndani ali ndi nthawi yofufuza?"

"Ine sindinachokere ku koleji ina. Ndipo Mayi Pensulo sangasaine."

Chidule anatenga bolopeni, n'kulemba kuseri kwa kope lake. Atatembenuza kopelo, Injiniya anagwira pakamwa. Inali siginecha ya Mayi Pensulo yeniyeni, ndi kamchira kake komwe kopindikira m'mwamba.

"Iwe, wapenga? Akatigwira atichotsa sukulu tonse awiri."

"Atigwira ndani? Tamvera. Ine mdala wako ndimamudziwa. Ndinagona kwanu kuja, anandiseketsa mpaka nthiti kuwawa. Munthu uja wagwira moyo ndi mano chifukwa cha tsiku limodzi lokha, loti akuone utavala gauni polandira digiri. Ukamuuza kuti adikire zaka ziwiri m'malo mwa chimodzi, ukuganiza kuti zitha bwanji?"

Maso a Chidule anali atafiira. Sankachita nthabwala.

"Tinalowa limodzi pano, tituluka limodzi. Phunziro lakelo uziwerenga pawekha, ine ndikuthandiza. Palibe amene afe nazo."

Anawerama, n'kusaina pa fomu yachikasu ija. Anaipinda kawiri n'kuilowetsa m'chikwama cha mnzakeyo.

"Lolemba m'mawa ukangoiponya m'bokosi la ku ofesi. Zotsalazo usiyire ine."

Injiniya sanavomere. Koma sanaitulutsenso.

4. Mapu a pa makalendala

Loweruka m'mawa anakwera basi yopita kwawo. Unali ulendo wa maola awiri.

Bedi la bambo ake anali atalisamutsira pabalaza, pafupi ndi zenera, kuti aziona anthu odutsa pamsewu. Mbali inayo kunali makina osokera a amayi ake, amene anali telala. Chikwama cha zipangizo chinali pansi pa bedi, chitachita fumbi. Bambowo anali ataonda kumaso, koma mapazi anali otupa, atawasanjika papilo.

"Mayi ake, tsekani mipope yonse yodontha!" anafuula atangomuona. "Abwana abwera kudzayendera!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Injiniya anagwada pambali pa bedi n'kuwagwira dzanja.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

"Ndadzuka ngati mnyamata. Dokotala akuti ndisamapitirire pageti. Ndamuuza kuti tsiku la digiri ndidzapita, kaya pa wilibala."

Asanapume n'komwe, amayi ake anatulukira ndi tepi m'khosi ndi nsalu yabuluu pamkono.

"Taimirira ndikuyeze. Iyi ndi ya diresi la m'kati mwa gauni. Kweza manja. Ii, mwana iwe, waonda bwanji? Kusukuluko sakukudyetsani?"

"Amayi, mwambowo ukadali kutali."

"Telala wosoka usiku wa mwambo ndi amene amalumikiza mkono kukhosi. Ima bwino."

Atatha kumuyeza, bambo ake anamukodola.

"Tabwera kuno. Pisa kuseri kwa piloku."

Injiniya anatulutsa chipepala chokulungidwa. Anali makalendala akale anayi omatidwa pamodzi. Kuseri kwake kunali mizere yofiira ndi yabuluu, timitanda, ndi manambala olembedwa ndi dzanja lonjenjemera.

"Masabata asanu ndakhala ndikujambula," anatero bambowo. "Suja unati pulojekiti yako idzakhala yofufuza chifukwa chake madzi safika m'nyumba za kumtunda masana? Ndiye awa ndi mapaipi onse a dera lino. Ofiirawa ndi achitsulo akalekale. Abuluuwa ndi apulasitiki. Pamene pali kamtandapa pali chotsekera madzi chimene chinakwiririka msewu utakonzedwa. Amene ankachidziwa anatha kufa, ndatsala ndekha. Ukachilembe m'buku lako. Aphunzitsi akowo akafunsa kuti wazidziwa bwanji, ukawauze kuti uli ndi pulofesa wako kunyumba."

Chala chawo chinkayenda pamizerepo pang'onopang'ono. Ankatchula nyumba iliyonse, kuti iyi anaikamo mpope chaka chakuti, iyi mwini wake anali wovuta, iyi galu wake anawang'ambira buluku.

Dontho linagwera pa mzere wabuluu, inki n'kuyamba kufalikira. Bambowo anakweza maso.

"Injiniya, ukulira?"

5. Mawu a pulambala

Injiniya anatsegula chikwama chake. Anatulutsa pepala la mabokosi lija, limene Mayi Pensulo anamupatsa, n'kuliyala pamwamba pa bulangete. Anafotokoza zonse. Anawaonetsa bokosi lakuda la chaka chachiwiri, anawaonetsa muvi wodumpha chaka chachitatu. Ananena za mayeso awiri aja, za manyazi, za phunziro la mapu. Makina osokera anali atasiya kulira.

Pomaliza anatulutsa fomu yachikasu n'kunena chimene inali, ndi amene anasainapo.

Bambo ake anaitenga. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukaponya pepala ili m'bokosi, chaka chamawa uvala gauni?"

"Akapanda kundigwira, inde."

"Ukapanda kuponya?"

"Chaka chinacho."

Bambo ake anatseka maso. Amayi ake anaimirira kuti abwere, koma bambowo anakweza dzanja.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikulowa m'nyumba za anthu. Ndikuuze, mwanawe. Paipi yophulika pabwalo sindiiopa. Aliyense amaiona, amakuwa, ine ndimabwera, ndimamanga, pofika masana anthu akusamba. Imene ndimaopa ndi yodontha m'kati mwa khoma. Mwini nyumba amaona kachinyezi, n'kupakapo penti. Mwezi wamawa apakanso penti. Tsiku limene amandiitana, khoma lonse lafewa, ndipo ntchito ya tsiku limodzi yasanduka ya mwezi wathunthu.

"Kulephera mayeso si mlandu. Ine mayeso a ntchito yangayi ndinalemba kawiri, afunse mayi akowa. Ukanabwera n'kunena kuti ababa ndagwa, ndikanati dzuka, sasa fumbi, bwerera. Bwenzi chaka chatha utakhala nawo anawo, lero tikuseka. Koma iwe unapaka penti. Zaka ziwiri ndakhala ndikukufunsa, zaka ziwiri wakhala ukundiyankha kuti zonse zili bwino."

"Ndinkaopa mtima wanu, ababa."

"Mtima wangawu ndi wodwala, koma si wa khanda. Unayenera kundisiyira ine kuti ndione ngati ndingasenze kapena ayi."

Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. Kenako anakweza fomu ija.

"Pepala ili, ndinganame nditati silikundikoka. Ndikuliyang'ana chonchi, ndikuona gauni. Ndikudziona nditakhala kutsogolo, dzina lako likuitanidwa. Ndikulifuna tsiku limenelo kuposa mankhwala onse ali patebulopa. Koma ndidzaombera m'manja chiyani? Luso la mnzako lokopera siginecha?

"Ndili mnyamata ndinachitapo chinyengo kamodzi. Bwana ankandifulumizitsa, chitsulo cholumikizira panalibe. Ndinakulunga paipi ndi mphira n'kukwirira msangamsanga. Palibe anandiona, palibe anandigwira. Koma mpaka lero ndikamadutsa panyumba imeneyo ndimayang'ana kumbali. Iwe tsiku lina adzakupatsa tauni yonse kuti uimwetse madzi. Ukufuna uzidzayenda m'tauni imeneyo ukuyang'ana kumbali moyo wako wonse? Ndipo mnzakoyo, wakukondayo, ukufuna umukokere kudzenje?"

Anamubwezera pepala lija.

"Si langa ili. Ndi lako. Uchite nalo chimene ukufuna."

Injiniya analigwira ndi manja awiri. Anayang'ana mapazi otupa aja, anayang'ana nsalu yabuluu pa makina. Kenako analing'amba pakati, n'kuling'ambanso, mpaka linasanduka tizidutswa.

Palibe anamuyamikira. Bambo ake anakulunga makalendala aja mosamala, n'kuwapereka kwa mkazi wawo.

"Mayi ake, ikani pamwamba pa kabati."

Atatero anatembenukira kukhoma.

6. Pageti

Lamulungu bambowo sanachite nthabwala ndi imodzi yomwe. Tiyi anangomwako pang'ono. Nsalu yabuluu ija inali itachoka pa makina, ndipo Injiniya sanafunse kumene inapita.

Masana anagwada pambali pa bedi kuti atsanzike.

"Ndikupita, ababa."

"Upite bwino, mwanawe."

Injiniya anadikira pang'ono, koma bambowo sanawonjezere kanthu. Dzina lija loti Injiniya sanalitchule.

Amayi ake anamuperekeza mpaka pageti. Atafika pamenepo anamugwira pamkono.

"Usawaone choncho, si mkwiyo ayi. Akuwerenga miyezi."

"Miyezi yanji, amayi?"

Mayiwo anayang'ana kuzenera, kenako anatsitsa mawu.

"Nafenso takhala tikukubisira. Mwezi watha dokotala anatiitanira m'kachipinda kake. Akuti mankhwala aja asiya kugwira bwino. Bambo ako anamufunsa maso ndi maso kuti, chaka chimodzi ndifika? Dokotala anati mwina, mukamapuma ndi kumvera malangizo. Za zaka ziwiri sanafunse n'komwe. Anandiletsa kukuuza, akuti ungasokonezeke pa pulojekiti."

Injiniya anatsamira chipilala cha geti.

"Amayi, mukanandiuza dzulo…"

"Bwenzi utatani? Bwenzi usanang'ambe? Iwo ankadziwa zonsezi pamene ankakubwezera pepala lija. Wachita chimene anakuphunzitsa. Kungoti chinthu cholungama nachonso chimapweteka. Pita, basi ingakusiye."

M'basimo anakhala kumpando wa kumbuyo, nkhope itatsamira galasi. Mayi wina amene anakhala naye pafupi anamupatsa kansalu kopukutira misozi, osamufunsa kanthu.

7. Kalasi ya chaka chachiwiri

Lolemba m'mawa analowa m'chipinda cha makompyuta yekha. Anachonga Kayendedwe ka Madzi, ndi maphunziro atatu a chaka chachinayi amene analibe muvi. Bokosi la pulojekiti analisiya lopanda kanthu. Anatumiza. Mawu ofiira sanatulukenso.

Chidule anamupeza pakhonde.

"Waponya?"

"Ndinang'amba."

"Wang'amba? Iwe, uli ndi mtima wamtundu wanji? Mdala wako…"

"Akudziwa zonse. Anandibwezera m'manja okha."

Chidule anamukankha paphewa mwaukali, kenako anamukumbatira, onse awiri n'kulira pakhonde pomwepo anthu akudutsa.

Lachitatu m'mawa basi ya yunivesite inaima kutsogolo kwa dipatimenti. Inabwera kudzatenga a chaka chachinayi kuti akaone malo a mapulojekiti awo. Anakwera atavala zipewa zolimba ndi majombo, akuimba ndi kumenya mbali za basi. Chidule anakhala pazenera, koma sankaimba nawo.

Injiniya anaima mpaka basi inakhota. Kenako anakwera masitepe kupita ku holo ya pa nsanjika yachiwiri.

Munali modzaza ndi nkhope zachilendo. Anadutsa mizere yonse n'kukakhala kutsogolo kwenikweni. Mtsikana amene anali pambali pake anamuyang'ana, n'kuyang'ananso.

"Asisi, simunasochere? Ino ndi kalasi ya chaka chachiwiri."

"Sindinasochere. Tandisunthirako pang'ono."

Mphunzitsi analowa n'kujambula paipi yaitali pabolodi. Injiniya anatsegula kope latsopano n'kulemba deti. Anali atalemba mizere isanu yokha pamene foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Anaisiya. Inanjenjemeranso. Kachitatu anaisuzumira pansi pa desiki. Anali amayi ake.

Anatuluka mowerama n'kukaima pakhonde.

"Amayi?"

"Bambo ako kuno kulibe!" Mawu awo ankamveka ngati akuthamanga. "Ndinapita kukatenga mankhwala kuchipatala m'mamawa, pamzere panali anthu ambiri. Pobwera ndapeza pabedi palibe munthu. Jekete palibe, nsapato palibe. Mayi wa pagolosale akuti anawaona akukwera basi ya 7 koloko, ya komweko!"

Injiniya anathamangira kumapeto kwa khonde, kumene kunkaoneka geti lalikulu la yunivesite.

Pageti panali munthu wovala jekete lotuwa, lomukulira m'mapewa. Anali atagwira chipilala ndi manja onse awiri, mutu uli pansi. Mlonda ankamubweretsera mpando, koma munthuyo anapukusa mutu. Anafunsa kanthu. Mlonda uja anazengereza, kenako anatambasula dzanja n'kuloza.

"Ababa!"

Mawu ake sanafike. Anatsika masitepe awiriawiri, amayi ake akuitanabe pa foni imene inali m'manja mwake.

Pamene ankatulukira pabwalo, bambo ake anali atasiya chipilala chija. Ankayenda pang'onopang'ono, phazi limodzi, kupuma, phazi linalo. Sanamuone. Maso awo anali pa chitseko chimene mlonda anawalozera, chitseko cha ofesi ya Mayi Pensulo.